Chikho cha Madzi Chimene Sitinathe Kukana

Landirani moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye, amene mukuwerenga mawu awa. Ndine wophunzira pa koleji ina mumzinda wa Blantyre, koma kwathu ndi ku Neno. Ndikufuna kuchitira umboni za mmene Mulungu anapulumutsira achimwene anga a Limbani ku matenda a kolera, pamene tinali awiriwiri pakati pa mapiri. Ndakhala ndikuzengereza kulemba nkhaniyi chifukwa ili ndi mbali ina imene imandisowetsa mtendere kufikira lero.

Achimwene atapeza mbeta, panafunika kukadziwitsa amalume athu, popeza ndiwo ankhoswe. Iwo amakhala kumapiri, ndipo nkhani ya ukwati sauza amalume pa foni ngati ukufunsa mtengo wa mbatatesi. Inali nyengo ya dzinja, ine ndili pa tchuthi. Mvula inali itagumula msewu, moti ngakhale anyamata a njinga zamoto anakana kupitako. Tinagwirizana zoyenda pansi kuchokera pa Boma ndi kugona panjira. M'chikwama tinaikamo shuga ndi mchere zokapatsa amalume, zigubu za madzi, ndi kabotolo ka mankhwala a klorini kamene mlangizi wa zaumoyo anatipatsa.

Ntchito ya madzi inali yanga. Pa mtsinje uliwonse ndinkasefa madzi ndi kansalu koyera, kuthiramo mankhwala monga anandilangizira, kenaka kudikira theka la ola tisanamwe. Achimwene ankandiseka. "Iwe, tsiku la ukwati lidzatipeza tikudikirabe madzi akowa. Kukoleji amakuphunzitsani kulondera zigubu, eti?" Komabe ankadikira.

Dzuwa litapendeka tinafika pa nyumba ina yokhayokha m'mbali mwa njira, ndipo tinaodira kuti tifunse kolowera. Kunatuluka mayi wina woonda, wa maso olowa m'kati, akuyenda mogwira khoma. Anatilonjera ndi mawu otsika kwambiri, nalowanso m'nyumba, natuluka ndi chikho cha madzi. Anagwada pamaso pa achimwene, nayamba walawa yekha, monga achitira anthu akwathu pochotsa ufiti, kutsimikizira mlendo kuti m'chikhomo mulibe choipa. Atatero anapereka chikhocho ndi manja awiri.

Kabotolo kaja kanali m'thumba la malaya anga. Koma kodi ndani angathire mankhwala m'madzi amene mwini nyumba walawa, iye akuona? Kutero kukanakhala kumunena kuti ndi wauve, kapenanso mfiti. Achimwene anamwa, nandipatsira chikho, ndipo inenso ndinamwa. Mayiyo anatilozera njira ali chigwadire. Tsikulo tinakagona pa tchalitchi china cha kumidzi.

M'mawa mwake, titayenda pang'ono, achimwene anapatukira patchire. Posakhalitsa anapatukanso. Dzuwa lisanafike pamutu anali akusanza, ndipo chimene ankatsegula chinali madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga. Miyendo inayamba kukokana, mpaka anagwa pansi pa mtengo wa msuku. Nditawerama kuti ndiwadzutse, ndinaona kuti maso awo alowa m'kati, ndipo nkhope imene inkandiyang'ana inali ya mayi uja. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake ankayenda mogwira khoma.

Foni inalibe netiweki, ndipo madzi a m'zigubu anali atatha. Ndinatsetserekera kukhwawa, kumene ndinapeza madzi ofiira ndi matope. Ndinawasefa mobwerezabwereza, ndinathiramo mankhwala, ndipo ndinabwerera kukakhala pafupi ndi wodwala, chigubu chili pamiyendo.

"Mphwanga, ndipatse basi," anatero achimwene, mawu atasasa. "Ndife ndi ludzu iwe uli ndi madzi m'manja?"

"Achimwene, pirirani pang'ono."

Sindinadziwe chimene chikanawapha msanga, ludzulo kapena madziwo. Nthawi itakwana ndinang'amba mapaketi a amalume, ndinasakaniza shuga ndi mchere m'madzimo, ndipo ndinawamwetsa. Anasanza zonse. Khungu la padzanja lawo ndikalitsina linkangokhala chiimire, osabwerera. Ndinayesa kuwabereka, koma tinagwa tonse awiri. Ndinaganiza za amayi athu amene anatiperekeza mpaka pamsika akuseka, ndi za mbeta ija, alamu anga, amene anali atayamba kale kufunsa za nsalu ya ukwati. Pemphero langa silinali la mawu okonzedwa bwino ngati a kutchalitchi. Ndinangoti: Ambuye, kuwanyamula sindingathe, kuwasiya sindingathe, tumizani munthu.

Ndisanatsegule maso, mphepo inatembenuka ndipo ndinamva fungo la utsi. Ndinalitsatira kuseri kwa chitunda, kumene ndinapeza anthu akuotcha makala. Atangoona chikwama changa ndi nsapato zanga, anabalalika poganiza kuti ndine wa zankhalango. Ndinakuwa kuti ndili ndi wodwala. Patapita kanthawi, bambo wina wachikulire anatuluka kuseri kwa mwala akutsimphina. Anati dzina lawo ndi a Tebulo.

"Anzanga aja ali ndi miyendo," anatero. "Wangawu wakana kuthawa lero. Ali kuti wodwalayo?"

Pamoto pawo panali poto wa madzi a tiyi amene anali atawira kale. Tinawatsanulira m'chigubu, tinawaziziritsa, ndipo ndinasakanizamo shuga ndi mchere. A Tebulo anakankha njinga yawo ya makala mpaka pa msuku paja. Tinakhazika achimwene pakaliyala, pakati pa mitengo yotchingira matumba, ndipo tinawamanga ndi malamba a mphira kuti asagwe.

"Njinga imeneyi imanyamula matumba mpaka kubisa mwini wake," anatero a Tebulo atamva za ulendo wathu. "Mkwati mmodzi sangaithyole."

Iwo ankakankha, ine ndikuyenda pambali, ndikumwetsa wodwala pang'onopang'ono ndi chitsekerero cha chigubu. Ulendo uno madziwo anakhazikika. Tinafika pa chipatala cha ku Magaleta dzuwa lili pafupi kulowa, achimwene asakuyankhanso, ndipo anamwino anawaika diripi nthawi yomweyo. A Tebulo anakana chilichonse chimene ndinafuna kuwapatsa. Anangopempha sopo wosambira m'manja ndi wotsukira njinga yawo.

Achimwene anachira. Amalume atamva, anatsika okha kumapiri, ndipo nkhani ya mbeta anaimvera pambali pa bedi la chipatala. Ukwati unachitika, ndipo lero achimwene ndi alamu ali bwino.

Koma za mayi uja ndinawauza a zaumoyo tsiku lomwe tinafika, ndipo atapitako anapeza kuti wamwalira. Mvula itatha ndinabwererako ndekha. Chitseko chinali chotseka ndi mtengo, udzu utamera pabwalo, ndipo chikho chija chinali pakhonde, chovundikira. Dzina lake sindinalidziwe, ndipo panalibe woti ndimufunse. Mayiyo analibe mtima woipa. Mphamvu zochepa zimene zinamutsalira anazigwiritsa ntchito potungira madzi alendo, ndipo anayamba walawa yekha kuti tisaope. Ine ndinamwera chikho chomwecho koma sindinadwale, ndipo chifukwa chake sindichidziwa. Kufikira lero, munthu akandigwadira ndi madzi, ndimayamba ndaona manja a mayi uja akupereka chikho.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatembenuza mphepo, amene anagwiritsa ntchito mwendo wotsimphina wa a Tebulo, ndi shuga amene tinkayesa kuti ndi wa amalume. Inu amene muli pakati pa chiyeso, osatha kupita patsogolo kapena kubwerera, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atakhala ochepa. Thandizo likhoza kukhala kuseri kwa chitunda chimene mwachitembenukira msana.

Ulendo wa kwa amalume ndimayendabe, kabotolo kali m'thumba. Akandipatsa madzi panyumba, inenso ndimagwada, ndimafotokoza za mayi uja, ndipo ndimapempha kuti tithire mankhwala mumtsuko wonse. Ena amakhumudwa, ambiri amalola. Timadikira pamodzi tikucheza, ndipo nthawi ikakwana, woyamba kulawa ndimakhala ine.