Pampu ya Galimoto Nambala 41

Ine, Nelson Msaiwale, wa zaka 54, kwathu ndi m'mudzi mwa Kapesi, mfumu yaikulu Kachere, m'boma la Dedza. Pano ndimakhala ku Balga, kuno ku Australia, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndabwera kuno ku polisi lero Lachinayi pa 18 Novembala 2021, nthawi ya 10 koloko m'mawa, popanda wondiitana. Ndapempha kuyankhula m'Chichewa kuti ndisaphonye mawu, ndipo akulemba ndi kumasulira ndi mayi Theresa Lamson. Ndabwerera nkhani ya bambo Mulenga Chibwe a ku Rockingham, amene akuganiziridwa kuti anaba pampu yamadzi ya galimoto.

Ndisanabwere ku Australia mu 2014 ndinali makaniko ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, kwa zaka 19. Ndinkakonza maminibasi makamaka.

Kuyambira mu Malichi 2020 ndakhala ndikusamalira bambo Keith Hollins, a zaka 81, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Amakhala okha. Mwana wawo ndi mmodzi, mayi Christine, amene ali ku Melbourne ndipo akulephera kubwera chifukwa malire anatsekedwa kaamba ka Covid. Mayiwa anaikitsa kamera pamwamba pa chitseko cha galaja, yoyang'ana kumsewu, ndipo amaiona pa foni yawo. Khomo la nyumba kamerayo siimaliona.

M'galajamo muli galimoto yampikisano ya 1962, yobiriwira, ya mipando iwiri, yopanda denga, yolembedwa nambala 41 m'mbali. A Keith ankathamangitsa galimotoyi ali anyamata. Tsopano manja awo amanjenjemera, sipanala imawapulumuka. Vuto la galimotoyi linali kutentha: ikazungulira bwalo kasanu ndi katatu, singano ya geji inkafika pofiira. Iwo ankafuna kuti ikhale itachira pofika pa 4 Disembala, tsiku limene kalabu yawo imatulutsa galimoto zakale, kuti akakhale pampando wa wokwera n'kuzunguliranso bwalolo kamodzi. Ankanena zimenezi pafupifupi tsiku lililonse ndikamawameta ndevu.

Malamulo a kampani yathu amaletsa kugwira ntchito ina iliyonse panyumba pa munthu amene tikumusamalira, komanso kulowetsa mlendo. Ndinawawerenga ndipo ndinasaina.

Lachiwiri pa 12 Okutobala, cha m'ma 2 koloko masana, a Keith atagona pampando, ndinalowa m'galaja. Ndinamasula mabawuti awiri pamwamba pa injini n'kuchotsa themositati, kachitsulo kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta. Ku Biwi galimoto ikangoyamba kutentha, choyamba timachotsa kachitsulo kameneka n'kukaponya kuseri kwa galaja. Timati n'ka kumayiko ozizira, kwathu kamangotsamwitsa injini. Ndachotsapo mazanamazana ndipo palibe dalaivala anabwerako kudzadandaula. Ndinatsekanso bwinobwino, n'kuika themositatiyo m'thumba la jekete. Mwiniwake sindinamufunse. Ndinkafuna kuti akaona singano itatsika adabwe, ine n'kumangomwetulira.

Loweruka pa 16 Okutobala tinanyamula galimotoyo pa ngolo kupita ku bwalo la mipikisano, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto. Anayendetsa ndi mnzawo wina wa a Keith wa ku kalabu. Inangozungulira katatu. Kachinayi inaima pakona, nthunzi ili tolo, madzi akuwira n'kumatayikira pansi. A Keith anagwira chipewa chawo m'manja mpaka kunyumba. Zoti ndinachotsa themositati sindinawaululire. Akuluakulu amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo tsiku limenelo womanga nyumbayo ndinali ine.

Mawa lake, Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi ku Mirrabooka, ndinawakokera pambali a Mulenga. Iwo ndi ochokera ku Lusaka, amagwira ntchito yosema ndi kukonza zitsulo pa fakitale ina ku Kwinana. Ndinawafotokozera za galimotoyo, koma za themositati ndinabisa. Anati abwera.

Loweruka pa 23 Okutobala anafika nthawi ya 9 koloko m'mawa, atayenda makilomita oposa 50 pa petulo wawo. Anavala masiki ngakhale kuti nthawi imeneyo lamulo silinkakakamiza. Anati sangalowe m'nyumba ya munthu wokalamba pakamwa pali pambalambanda. Ndinawatsegulira khomo la nyumba ndine, n'kuwadutsitsa kukhitchini mpaka m'galaja. A Keith anakhala pa kampando, mamita awiri kuchokera pagalimoto.

A Mulenga anamasula mabawuti awiri omwe aja, n'kupeza malo a themositati ali pululu. Anandiyang'ana. Kenako ananena m'Chinyanja cha kwawo, motsitsa mawu, kuti: "Ba Nelson, iyi si minibasi ya ku Biwi." Kwa a Keith sananene kuti wachotsa ndani.

Atatero anamasula pampu yamadzi n'kutionetsa. Mapiko a m'kati mwake anali odyekadyeka ngati chimanga chofumbwa. Anafotokoza kuti injini yampikisano imazungulira mothamanga kuposa ya minibasi, ndiye pampu ikathamanga mopitirira imasiya kukankha madzi, imangowapuntha n'kupanga thovu, ndipo thovulo ndi limene limadya mapiko. Anati ukachotsanso themositati palibe chogwira madzi m'injini, ndiye thovu limachuluka ndipo madzi amawira msanga. Anatchula zinthu zinayi zoti achite: kusema mapiko atsopano, kuika gudumu lokulirapo pamene lamba amakokera pampu kuti izizungulira mofatsa, kuika kambale kachitsulo kokhala ndi bowo la msinkhu wa ndalama yachitsulo ya 10 senti pamalo a themositati, ndi kutchinga m'mbali mwa rediyeta ndi lata kuti mphepo isamathawire pambali. Anati pampu yamtundu umenewu anasiya kale kupanga, choncho afunika aitengere kumene kuli makina. A Keith anafunsa mtengo. A Mulenga anaseka n'kunena kuti a Keith adzangowakwezako m'galimotoyo tsiku lina, malipiro n'kukhala omwewo.

Ndinamva ndi makutu anga a Keith akuvomera. Mawu awo enieni anali akuti, "Take it, mate," kutanthauza kuti aitenge. Anagwirana chanza. Nthawi inali itakwana 12 koloko, nthawi ya mankhwala, choncho ndinapita ndi a Keith kukhitchini. A Mulenga anakulunga pampu m'thumba la saka, n'kutulukira chitseko cha galaja cha kumsewu, ali okha, atavala masiki, n'kukakwera galimoto yawo. Ndi zokhazo zimene kamera inaona.

Lachiwiri pa 2 Novembala, nthawi ya 8:10 m'mawa, ndinapeza a Keith atagwa pansi kukhitchini. Ndinaitana ambulansi. Madokotala anati ndi sitiroko. Mpaka lero ali m'chipatala ndipo sakutha kuyankhula.

Loweruka pa 6 Novembala ndinapita ku Rockingham kukawauza a Mulenga. Pampu ndinaiona ndi maso anga pa benchi lawo. Mapiko atsopano anali atasemedwa kale, gudumu lokulirapo lili pambali. Anaiyesa ine ndikuona: anaizunguza ndi dirilo m'ndowa ya madzi, madzi n'kumatuluka mwamphamvu opanda thovu. Pa katoni yake analembapo ndi cholembera chakuda kuti 41. Anati adzaibwezera pa 20 Novembala, kuti madala akamatuluka m'chipatala adzapeze galimoto ikulira.

Lolemba pa 8 Novembala, cha m'ma 4 koloko madzulo, mayi Christine anandiimbira. Anati mnzawo wa bambo awo wapeza pampu palibe, ndipo iwo aona pa kamera munthu wovala masiki akutuluka ndi thumba. Anandifunsa ngati ndikumudziwa. Ndinaganiza za ntchito yanga, ndinaganiza za pepala lija ndinasaina. Ndinayankha kuti sindikumudziwa. Limenelo linali bodza, ndipo ndikufuna lilembedwe kuti linali bodza. Mayiwo sindikuwaimba mlandu. Munthu ali kutali, bambo ake ali gone, akuona mlendo akutuluka ndi katundu. Inenso ndikanathamangira ku polisi.

Loweruka pa 13 Novembala anandilola kulowa m'chipatala kwa mphindi khumi ndi zisanu. Nditatchula dzina la a Mulenga ndi pampu, a Keith anakweza chala cha kumanja n'kuchizunguza m'mwamba pang'onopang'ono. Nesi amene anali pa wodi nthawi ya 3 koloko anaona zimenezi.

Dzulo, Lachitatu pa 17 Novembala, nthawi ya 5 koloko madzulo, anandiimbira mayi Monde, akazi a a Mulenga. Anandiuza kuti apolisi anafika kwawo Lolemba, atatsata nambala ya galimoto ya a Mulenga imene inaoneka pa kamera, n'kutenga pampu ngati umboni. Anati amuna awo afunsidwa kawiri kuti anawalowetsa m'nyumba ndani, ndipo kawiri konse ayankha kuti mwini galimoto ndi amene anawapatsa, basi. Dzina langa sanalitchule. Anandiuzanso kuti mapepala awo opempha kukhala m'dziko muno mpaka kalekale ali m'kati, ndipo mlandu wakuba ukangolembedwa, banja lonse ndi ana atatu likhoza kubwerera. Mawu a mayi Monde ndikuwakumbukira: "Bakamba ati nisakuuzeni, ati muzachosedwa nchito. Koma ine sininalonjeze."

Ndinachita manyazi kwambiri. Munthu anasiya Loweruka lake, anakonza chimene ine ndinawononga, anandibisira kupusa kwanga pamaso pa bwana, ndiye akufuna anyamulenso mlandu kuti ine ndisataye yunifomu. Zaka 54 zonsezi sindinaonepo munthu wondichitira zotere, ndipo mawu owathokozera ndilibe okwanira. Ndikuthokozanso mayi Monde chifukwa chosamvera amuna awo.

Lero nthawi ya 8 koloko m'mawa ndaimbira abwana anga ku kampani n'kuwauza zonse. Ati ndiyambe ndakhala kunyumba mpaka akambirane. Nthawi ya 8:30 ndaimbira mayi Christine n'kuwauza kuti ndinawanamiza. Analira, kenako anandifunsa nambala ya a Mulenga. Ndawapatsa.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, wina apite kuchipatala ndi pampuyo akawaonetse a Keith. Pakamwa pawo pamangika koma mutu ndi chala zikugwira ntchito. Chachiwiri, mukathana nayo ibwerere m'manja mwa a Mulenga, chifukwa pa 4 Disembala patsala masabata awiri okha ndipo sinamangidwe.

Pampu inatuluka m'galaja muja masana, ndi chilolezo cha mwiniwake, ine ndikumva. Chinthu chimene chinatuluka popanda chilolezo ndi chimodzi chokha. Chakhala m'thumba la jekete yanga kuyambira pa 12 Okutobala, ndipo ndi ichi ndachiika patebulo panu: themositati imodzi, yamkuwa, yogwira ntchito bwinobwino. Ngati mukufuna munthu amene anatenga chitsulo cha a Keith osapempha, musapitenso ku Rockingham, wakhala pampando pano.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wosaina: Nelson Msaiwale ....................
Wolemba ndi kumasulira: Theresa Lamson ....................
Tsiku: 18 Novembala 2021