Paketi ya shuga pasikelo

Pachigayo cha pa Namitambo magetsi anali atazima. Mayi wina wachikulire anayamba kucheza ndi mtsikana amene anaima pambuyo pake pamzere.

"Loweruka ndinali kulaibulale, kumaphunziro aulere aja. Akuti tisanagulitse nandolo, tiziyamba tayika paketi ya shuga ya kilo imodzi pasikelo ya venda."

"Ndiye munayesa, mayi?"

"Dzulo lomweli. Muvi sunafike n'komwe pa kilo."

"Aa! Vendayo munamutani?"

"Ndinawathokoza. Shuga uja ndinakabweza kusitolo. Anatiphunzitsanso kuti katundu woperewera tizibweza."

"Nanga nandolo?"

"Ndinagulitsa pomwepo, matumba atatu."

"Pasikelo yomweyo?"

"Mwana wanga, amene aja ndi atcheya a mphakati wathu. Wasitoloyo ngakhale pa Khirisimasi sitimuona kutchalitchi."