Bambo Anga Akudikira Lamulo M'chigafa

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma dzina langa musatchule.

Ndimalima fodya ku Kaluluma ndipo ndimasunga bambo anga okalamba. Pa unyamata wawo anali msilikali wolandira ndi kutumiza mauthenga pa wailesi. Anawaphunzitsa kuti nkhondo ikabuka, wapawailesi sachoka pamalo pake asanamve lamulo.

Chaka chomwe feteleza anakwera chifukwa cha nkhondo ya kunja, bambo anamva kuti mayiko akuopsezana ndi mabomba a nyukiliya. Anatenga kawailesi kopanda mabatire n'kukakhala m'chigafa.

Ndinati, "Bambo, tiyeni kunyumba."

Iwo anati, "Mwananga, mafoni onse akafa, uthenga udzadzera pano. Ndikachoka, anthu atha."

Anzanga anakafola pamzere wa feteleza wotsika mtengo, ine ndinatsala, poti bambo sadya chopatsidwa ndi wina.

Tsiku lachitatu ndinabisala kuseri kwa chigafa, n'kukulitsa mawu: "Likulu likuti kuli bata. Kapumeni."

Anatuluka, nandifunsa ngati ndili bwino. Ndinakalirira kudimba.

Mpaka lero amabwereramo m'mawa uliwonse, ndipo wowatulutsa ndine ndekha. Ngakhale maliro akutali sindipita. Omvera anzanga, kodi ndikuchimwa powanamiza?