Timapepala ta Ufulu ku Mirdif

Mwezi wachitatu wa lokodauni, Madamu wa nyumba ina ku Mirdif, m'dziko la Aluya, anali atalanda tsiku lopuma la antchito ake awiri. Ndiye mmodzi wa iwo, Benedicta, mayi wa pakamwa polasa njobvu, analemba timapepala makumi awiri todzutsa anzake, n'kutuma wantchito mnzakeyo, Rosta wa ku Chipata, kuti akatiponye m'mageti popita kukataya zinyalala.

"Wagawa?" anafunsa Benedicta, atagwira m'chiuno.

"Tonse, asisi. Khalasi, zatha."

"Eya! Bambo anga a Zefaniya, ku Tete, pankhondo yothamangitsa Apwitikizi, sanagwirepo mfuti. Cholembera basi! Anyamata otopa m'tchire akawerenga kapepala kawo ankadzuka, adani n'kugwa mphwayi."

"Ankapopera?"

"Kupopera chiyani?"

"Sanitaiza. Paja chilichonse chotuluka pageti timapopera."

Benedicta anatsitsa masiki. "Iwe! Wapopera mawu anga?"

"Mbali zonse ziwiri. Inki inachita kuyenderera, mapepala mbee!"

"Mayo ine! Ndiye anthu awerenga chiyani?"

"Florah wa pa nambala naini wathokoza. Akuti kamanunkhira."

"Chitsiru! Dziko limamasulidwa ndi fungo? Anthu amantha ngati iwe ndi amene munachedwetsa ufulu! Bambo anga ankasayina dzina lawo lenileni. Inenso ndasayina langa, ndi nambala ya nyumba. Sindiopa munthu ine!"

Apa anadziguguda pachifuwa, mwana wa ngwazi, amene nkhondo yake yonse anali kuimenyera kuseri kwa makina ochapira.

"Musadandaule, asisi. Kamodzi sindinakapopere, poti sikanatuluke pageti."

"Bola! Kali kuti?"

"Kwa Madamu."

"Kwa ndani?"

"Munalemba pamwamba kuti 'Kwa mayi aliyense wotsekeredwa mumsewu uno.' Nanga iwo akutuluka?"

Benedicta anakhala pa ndowa. Visa yake inali m'manja mwa Madamu yemweyo, ndipo mantha anamugwira zenizeni.

"Koma Chichewa sadziwa," anadzilimbitsa.

"Ndiye akuti yala, fulumirani, mubwere muwawerengere. Mukachedwa, akajambula pafoni, foniyo imasulira."

"Kali pati?"

"Pa tebulo. Iwo akutchaja foni."

"Rosta, m'bale wanga, mwana wabwino iwe..."

"Ndikawauze za a Zefaniya? Kuti cholembera chimaposa mfuti?"

Benedicta anatola botolo la sanitaiza n'kumupanikiza nalo m'manja.

"A Zefaniya anafera m'ndende, iwe! Thamanga ukapopere, mbali zonse ziwiri!"