Mpweya wa a Likhweru

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1958, mwana wachitatu mwa ana asanu. Ali ndi miyezi inayi anadwala chifuwa chotseka tinjira ta mpweya m'mapapo, mpaka kuyamwa kunakanika. Anachira, koma adokotala anachenjeza kuti ana otere ambiri amadzavutika ndi mphumu. Zinaterodi.

Mu 1965 anayamba sukulu. Chifuwa chawo chinkalira m'kalasi, anzawo n'kuwatcha Likhweru. Mayi awo, omwe anali telala, anawaikira botolo la madzi ndi kapaipi pambali pa makina osokera, kuti m'mawa uliwonse aziuzira mpaka madzi achite thovu.

Mu 1979 anayamba kuphunzitsa nyimbo. Abale inu, munthu wopumira kawiri pokwera masitepe anasankha lipenga! Tinaseka. Koma ataliliza muholo yasukulu, kampope ka mankhwala kali m'thumba, tonse tinangoti kukamwa yasa. Mu 1983 anakwatira mayi athu ali apawa, ndipo amati anawakopa ndi lipenga lomwelo, poti mawu ankawathera panjira.

Mu 2014 mdzukulu wawo wamkazi anadwala chifuwa chomwechija ali khanda, kenaka mphumu inamugwira. Malemu zinawapweteka, ankati amusiyira cholowa choipa. Anamukonzera botolo lakelake. Adokotala atanena kuti botolo silichiza mphumu, iwo anavomera, nati mankhwala asasiye, botolo n'lochotsa mantha. Mwanayo atasinkhuka anamugwiritsa lipenga, koma nyimbo inkamuthera pakati. Khumbo la malemu linali limodzi: asafe asanamve mwanayo akumaliza nyimbo.

Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Lachiwiri masana anamwino analola kuti mdzukuluyo aime panja pa zenera ndi lipenga la agogo ake. Anaimba, anafika paja amalekezera, anadutsa, mpaka kumapeto. Malemu, chigoba cha mpweya chili kumaso, ankamenya chala pabulangete. Ife tinalira, ndipo mpaka lero tikudabwa. Anatisiya Lachitatu, pa 12 Malichi 2025.

Asiya mkazi, ana anayi ndi adzukulu asanu ndi awiri. Tikuthokoza madokotala, anamwino amene anatsegula zenera lija, ndi nonse mwatikhalira pafupi. Lipenga mwamva potulutsa thupi lija analiza ndi mwana yemweyo.

Mzimu wa a Likhweru uuse mumtendere.