Besi Yogwedeza Mazenera

Pa siteji ya basi, bambo wina wobereka gitala ya besi anaima ndi mabokosi awiri a sipika. Mayi wachikulire anamuyandikira.

"Mukusamuka, achimwene?"

"Ndikukawagulitsa, mayi. Akulu a mpingo akuti phokoso likapanda kuchepa, ndisadzaimbenso. Mazenera akumagwedezeka ngati malinga a Yeriko, koma mwiniwakene sindidzimva."

"Mumawaika bwanji?"

"Onse pansi, moyandikana."

"Ndiye mumaimbira mawondo anu! Lalikululi likhale pansi, laling'onoli mulisanjike pamwamba, lifike pakhutu. Mukayamba kudzimva, mudzachepetsa nokha. Malemu amuna anga ankatero."

"Zokhazo?"

"Zokhazo, mwanawe. Mlengi sanaike makutu m'miyendo."

"Ameni! Akondakitala, pitani bwino, katunduyu akubwerera kutchalitchi!"