Kabokosi Kosalakwa

Pamzere wa kwa wokonza zamagetsi, bambo wina ananyamula kabokosi kolumikizira maiki ku laputopu. Mayi amene anali kumbuyo kwake anamufunsa chavuta.

"Kafa aka, mayi. Dzulo ndimajambula nyimbo ya apongozi anga, koma akumveka ngati akuimbira m'chitsime."

"Kamayaka?"

"Nyali zonse, bwinobwino."

"Nanga mu pulogalamu yojambulirayo munakasankha?"

"Kusankhanso? Ine ndinangolumikiza waya."

"Akatswiri inu! Ndiye mumati kompyuta ilote? Mukapanda kusankha, imamvera pa kamaiki kake komwe. Apongoziwo anali pati?"

"Kuchipinda, pa maiki yodula."

"Inuyo?"

"Pa laputopu, ndi mng'ono wanga."

"Muli chete ngati m'tchalitchi, eti?"

"Aa, timangocheza. Ndinangoti mawu awo ngati mbuzi yoiwalidwa pamvula."

"Zikomo kwambiri. Ndiye woimba wamveka bwino m'nyimbomo ndinu. Mwaimvera mpaka kumapeto?"

"Koyambirira kokha. Ndawatumizira m'mawa uno kuti adzimvere okha vutolo."

"Tulukani pamzere, bambo, tisunthe ife. Pano sakonza mabanja."